Chuck ya m'bokosi la malemu

Ndimagwira ntchito ya lathe, makina osemera zitsulo mozungulira, pa Kamuzu Road ku Salima. Makina anga aakulu ndi Colchester Student 1800, ndipo mphuno ya spindle yake, shafuti imene pamamangidwa chuck yogwira chitsulo chosemedwa, ndi ya mtundu wa camlock, saizi D1-4. Ndatchula mphunoyo poyamba chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ntchito zathu kuno ndi zodziwika: mashafuti a zigayo, mapule, mabushi a makina opunthira mpunga a ku Lifuwu, nthawi zina zitsulo za injini za maboti a ku Senga Bay. Ndili ndi mnyamata mmodzi wophunzira ntchito, wa manja abwino koma wopupuluma.

M'mwezi wa Juni kunabwera mayi wina wamasiye, bokosi lamatabwa lili pa kabaza kumbuyo kwawo. Malemu amuna awo anagwira ntchito ya ufita pa esiteti ina kwa zaka zambiri. Anati, "Bambo, zitsulozi zikungondidyera malo. Ana akuti tigulitse kwa a sikirapu pa kilo, koma malemu ankazipukuta ndi mafuta ngati akusambitsa khanda." Nditatsegula ndinaona kuti si za pa kilo. Tinagwirizana mtengo, ndinalipira, ndipo bokosilo ndinalikankhira pansi pa benchi. Sindinauze mnyamata chilichonse. Kulakwa koyamba kunali kumeneku, ndipo kunali kwanga.

M'katimo munali chuck yaing'ono ya drill ya Jacobs yokhala ndi mchira wake, zitsulo zozungulira zisanu ndi ziwiri zolimba kwambiri zokhala ndi timabowo ta senta kumapeto, nsagwada zitatu za chuck zomangidwa ndi waya, zogwirira shafuti ziwiri zimene timati ma dog, ndi chinthu china cholemera chooneka ngati chuck koma chopanda nsagwada. Pansi penipeni panali chitini cha mabisiketi chodzaza ndi tizikho tachitsulo tokhala ndi timipeni m'kati, zonse zitaumirana ndi girisi wakale.

Drill yothyoka

Patapita sabata imodzi mnyamata ankaboola pule ndi drill ya mamilimita 12. Chuck yathu ya drill ya masiku onse inali pa makina ena, ndiye anatenga ya m'bokosi ija. Tailstock ya Student 1800, mbali ya lathe imene imagwira drill, ili ndi bowo la taper, lomka lichepa, la saizi ya Morse 3, ndipo tili ndi sleeve yolowetsa m'bowomo yochepetsera kufika pa Morse 2. Mchira unalowa mu sleeve, anagogoda pang'ono, unagwira. Ine ndinali panja ndi kasitomala pamene ndinamva kulira kwa chitsulo kumene mmisiri aliyense amakudziwa, kenako phwaa. Chuck inali itazungulira mu sleeve, drill inapotoka n'kuthyoka, chiduswa chake chinakamenya malata a khoma. Palibe amene anavulala. Sleeve inakandika m'kati moti inatha ntchito, koma mwamwayi bowo la tailstock lenilenilo silinakhudzidwe.

"Koma bwana, inalowa bwinobwino," anatero mnyamatayo, manja akunjenjemera.

Sankanama. Inalowadi. Ndinatenga sleeve ina yabwino, ndinapaka buluu woyezera mizere itatu yopyapyala pa mchirawo, kuulowetsa mosakakamiza ndi kuupotoza pang'ono. Potulutsa, buluu anali atachoka kunsonga kokha, kamkombero kosapitirira mamilimita 3. Kwina konse anali mmene ndinapakira. Taper ya Morse imagwira chifukwa chitsulo chimakhudzana ndi chinzake kuyambira kukamwa mpaka kunsonga. Iyi inkangoluma ndi nsonga, kukamwa ikuvina.

Ndinalemba timizere tiwiri pa mchirawo, totalikirana mamilimita 50, n'kuyeza ndi micrometer pa kamzere kalikonse. Kusiyana kwake kunali 2.1. Morse 2 imayenera kupereka 2.5 pa mtunda womwewo, chifukwa imachepa pafupifupi milimita imodzi pa mamilimita 20 alionse. Taper imene imapereka 2.1 ndi Brown & Sharpe, yochepa theka la inchi pa phazi limodzi, ndipo pa kukula kumeneku ndi nambala 7. Ziwirizi n'zofanana moti maso sangakuuzeni: Morse 2 kukamwa ndi mamilimita 17.78, Brown & Sharpe 7 ndi pafupifupi 18.3. Mukalowetsa yachiwiriyi mu bowo la Morse 2, nsonga imagunda msanga ndipo kukamwa kumatsala mpata wa pafupifupi 0.4. Panalinso chizindikiro china chimene tonse tinachidumpha. Kumapeto kwa mchirawo kunalibe kalilime kophwatalala kamene kamakhala pa mchira wolowa mu tailstock, kunali bowo la mazinga. Mchira wotere amaukoka ndi bawuti yaitali kuchokera kumbuyo kwa spindle, monga pa makina a milling akale a ku America. Sunapangidwe kuti uzigwira wokha mu tailstock.

Tsiku lomwelo ndinaika lamulo: chochokera m'bokosilo chisakwere pa makina chisanalembedwe pa kadi yake, miyezo ndi dzina. Zonse tinaziviika m'dizilo masiku awiri, kuzitsuka, n'kuziyala pa katoni.

Zambiri sizinativute. Zitsulo zisanu ndi ziwiri zija zinali ma mandrel, zolowetsa m'bowo la bushi kapena giya kuti usemere kunja kwake pakati pa masenta. Mnyamata anali ataikiratu maso pa imodzi kuti ikhale panchi. Micrometer inaonetsa kuti mbali imodzi ndi yokulirapo pang'ono kwambiri kuposa inzake, ndipo saizi yalembedwa kumbali yaikuluyo, m'mainchesi. Nsagwada zitatu zija zinali ndi manambala 1, 2, 3 komanso nambala yaitali ya chuck yake, imene sinafanane ndi yathu. Mano ake sanagwirizane ndi scroll yathu, mbale ya m'kati mwa chuck imene imayendetsa nsagwada, ndiye tinazipachika pa msomali. Chinatsala ndi chinthu cholemera chija ndi tizikho take.

Ntchito imene inatikakamiza

Mwina chikanakhala pa katonipo mpaka lero pakanapanda kalabu ina ya alimi a mthirira. Mu Julayi anabweretsa mapampu awo a dizilo akudontha pa shafuti. Pamene pamakhudza chingwe cha packing chotsekera madzi, mabushi otchinjiriza shafuti anali atadyeka mpaka kukumbika ngalande. Ankafuna mabushi 12, kunja mamilimita 30, m'kati 25, ndiye kuti khoma lake ndi 2.5 basi. Akanabwera ndi mtengo wautali wa bronze ndikanasema m'kati ndi kunja pa kamangidwe kamodzi, n'kudula. Koma wowagulitsa anali atawadulira kale tizidutswa ta mamilimita 55, mulibe potsala pogwirira.

Ndinayesa imodzi pa chuck yathu ya nsagwada zitatu. Ili pa makina inali yozungulira bwino. Nditamasula, bowo linasanduka la ngodya zitatu, kusiyana kwake 0.08, chifukwa nsagwada zinali zitafinya khomalo pamene ndinkasema. Mandrel ya inchi imodzi inali pomwepo ikundikopa, koma inchi imodzi ndi 25.4, singalowe m'bowo la 25. Njira zina zinalipo, monga kupanga mandrel yanga kapena kasoketi kong'amba kotetezera bushi, ndipo sindibisa kuti zikanatheka. Koma tizikho ta m'chitini tija tinali titayera, ndipo kamodzi kanali kolembedwa 1 1/8 mpaka 1 1/4, m'mainchesi. M'mamilimita ndi 28.6 mpaka 31.75. Bushi yathu ya 30 inali pakatikati.

Tizikho totere, togwira chitsulo mozungulira monse, timati ma collet, ndipo amene ambiri tinawaonapo ndi a mitundu iwiri. A 5C ali ndi mazinga kumbuyo ndi ming'alu itatu kutsogolo, ndipo iliyonse imagwira saizi imodzi. A ER ndi ong'ambidwa mbali zonse ziwiri, ali ndi kamzere kokolekera nati. Athuwa sanali m'gulu limeneli. Anali ndi timipeni tosiyana tokhala m'chikho, tokankhidwa ndi timasipuling'i. Akanakhala ndi labala pakati pa timipeniti bwenzi ali a Jacobs Rubber-Flex. Titapala dzimbiri pa thupi la chuck ndi burashi ya waya, dzina linatuluka mozimiririka: Burnerd, ya ku England. Amenewa ndi ma collet a Multisize, amene iliyonse imagwira saizi zonse za m'kati mwa gawo limodzi la magawo 8 a inchi, zilibe kanthu kuti chitsulo ndi cha mamilimita kapena mainchesi. Kutsogolo kwa chuck tinali titakudziwa. Mnyamata anasangalala ngati ntchito yatha. Koma chida chogwirira chili ndi nkhope ziwiri, yogwira ntchito ndi yogwira makina, ndipo imene imalamula ngati chili chanu kapena ayi ndi yakumbuyoyo.

Nambala imodzi imene inatsala pang'ono kundidyera ndalama

Kumbuyo kunali bowo la taper lalitali ndithu, m'kati muli ngalande ya kiyi, ndipo kunja kwa khosi kunali mazinga akuluakulu. Pa mphuno yathu ya D1-4 sizinayandikire n'komwe. D1-4 ili ndi taper yaifupi ya mamilimita 63.5 pokulira pake, ndipo chuck imakhala ndi zikhomo zitatu zolowa mu spindle.

Apa ndinachita ulesi. Ndinaika vernier kukamwa kwa bowolo, inati 82.5. Nambala yokhayo ndinaitumiza pa WhatsApp kwa mnzanga wa ku Kanengo amene ali ndi buku la miyezo ya mphuno za ma lathe. Chithunzi sindinatumize, foni inali itatsala pang'ono kuzima. Anayankha msanga: "Achimwene, imeneyo ndi saizi 5, D1-5 kapena A2-5." Sanalakwe kuwerenga, chifukwa taper yaifupi ya saizi 5 ndi 82.56 pokulira pake. Tinayamba kale kukambirana zoitanitsa mbale yolumikizira kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa dalaivala wa thiraki.

Usiku umenewo sindinagone bwino. D1-5 imakhala ndi zikhomo zisanu ndi chimodzi. A2-5 imamangidwa ndi mabawuti kupyolera pa nkhope. Chuck yathu inalibe zikhomo, inalibe mabowo a zikhomo, inalibenso nkhope yotakata yokhalira. Nanga kiyi ndi mazinga a kunjawo anali a chiyani? Ndinali nditachita zomwe mnyamata wanga anachita ndi mchira uja, kungoti iye anakhulupirira dzanja, ine ndinakhulupirira nambala imodzi.

M'mawa mwake ndinapita kwa anzathu owongola magalimoto kukapempha filler, phala lomatira mabodi a magalimoto limene limauma n'kulimba. Ndinapaka girisi wopyapyala m'bowo lonse, kutseka kunsi ndi katoni, n'kudinira filler m'katimo, pakati nditaimika bawuti yakale yoti ndigwirire. Itauma, chinatuluka chibumba cha mphuno ya makina amene sindinawaonepo, kiyi ndi zonse, chofiirira ngati chikondamoyo. Kuyeza taper ya m'kati popanda zida zake kumavuta, koma ya kunja aliyense angathe. Pa mtunda wa mamilimita 40 chibumbacho chinachepa ndi 11.7. Taper yaifupi ya camlock imachepa milimita imodzi pa mamilimita 4 alionse, ndiye ikanapereka 10, komanso siifika kutalika kumeneko. 11.7 ikufanana ndi mainchesi 3.5 pa phazi limodzi.

Kenako mazinga. Kunja anali mamilimita 114 ndi pang'ono. Geji yathu ya metric ya 4 inkaoneka ngati yakhala, koma poyang'anitsa pa dzuwa kuwala kunkadutsa kumapeto. Ndinayeza mipata itatu ya mazinga, inakwana 12.7. Ndiye kuti mazinga 6 pa inchi, pa khosi la mainchesi 4.5. Nditatumiza manambala onsewa pamodzi ndi chithunzi, mnzanga uja anaimba foni akuseka: "Bwanji simunanene dzulo? Ndi L0 imeneyo." Mphuno za mtundu wa L, zimene zimatchedwa American long taper, zili ndi kiyi yoyendetsa ndi nati yaikulu yokhala pa spindle imene imakoka chuck ndi mazinga akunja aja. L0 pokulira pake ndi mainchesi 3.25, ndiwo mamilimita 82.55. Kusiyana kwake ndi saizi 5 ya taper yaifupi sikufika 0.02. Vernier singazilekanitse, ndipo mbale ya ku Johannesburg ikanafika n'kukhala chotsekera chitseko.

Zosankha zinali zitatu

Mnyamata anati tidule khosilo, tiseme nkhope, timange pa mbale ya D1-4. Ndinakana. Khosi la chuck imeneyi ndi thupi lake lomwelo, losemedwa pamodzi ndi mpando wa collet, ndipo kulungama kwake konse kumachokera pamenepo. Ukadula palibe kubwezera.

Njira yachiwiri inali kupanga mphuno ya L0 pa mbale ya D1-4, ndi nati yake. Ndinaiganizira masiku awiri. Mbale yopuma ndinalibe. Kupatula apo, chuck ikanatuluka patali ndi ma bearing a spindle, ndipo pamalo olumikizira paliponse pamawonjezera kuvina kwake. Kugwira ntchito ya masiku anayi kuti ndipeze chinthu choyenda mopotoka kuposa chimene ndikuthawa, sindinaone nzeru yake, pamene chimanga cha anthu m'dimba chikufota.

Yachitatu inali kupititsa chuck kwa makina ake. Colchester Student yakale, ya mutu wozungulira ija, ili ndi mphuno ya L0. Ndinakumbukira bambo ena achikulire a pa boma la Nkhotakota amene ali ndi makina oterowo, amene ndinkawaona ndikapita kukagwira ntchito za ku Dwangwa. Ndinawaimbira. Sindinafunse kuti mphuno yawo ndi mtundu wanji, chifukwa amisiri ambiri sitidziwa dzina la mphuno ya makina athu. Ndinangofunsa kuti chuck amamasula bwanji. Anati, "Ndi sipanala ya ngowe, mwana wanga, pa chinati chachikulu chija." Zinandikwanira.

Ku Nkhotakota

Tinakwera minibasi Loweruka m'mawa, makilomita oposa 100 pa M5, chuck ili m'thumba la feteleza pakati pa miyendo. Kondakitala ankafuna kuilipiritsa ngati munthu, ndipo pa Chia wina anatikhalitsa ndi beseni la nsomba mpaka pa boma.

Ngakhale manambala onse ankagwirizana, sindinamange nthawi yomweyo. Tinapukuta mphuno ya makina awo, kupaka buluu, kukhazika chuck ndi manja n'kuichotsa. Buluu anasamukira pafupifupi pa taper yonse, kupatula pamalo amodzi pamene panali kadontho kowala, pozungulira pake popanda kanthu. Chala chinamva kachiphuphu kakang'ono, mwina pamene china chinagundapo m'bokosi muja. Tinakapala ndi kamwala konolera, kupakanso buluu, ndipo ulendo uno anakhala ponseponse. Apo m'pamene tinakoka nati.

Tinaika chitsulo choyezera chowongoka mu collet, wotchi ya dial gauge pamwamba pake. Singano inavina 0.12. Mtima wanga unagwa, ulendo wonse uja. Achikulirewo sanalankhule. Anasuntha wotchi kuchoka pa chitsulo n'kuiika m'kati mwa chuck, pa mpando wa collet. Pamenepo singano sinapitirire 0.01. Ndiye kuti chuck inalibe mlandu, vuto linali mu collet. Anaitulutsa, kukankha timipeni kamodzikamodzi ndi chala chachikulu, ndipo kamodzi sikanabwerere. Kuseri kwake kunali girisi wouma wosakanikirana ndi tiphulusa tachitsulo, dizilo wathu sanafikeko. Titatsuka ndi palafini ndi mswachi wakale, singano inaima pa 0.03. Ndikanakhala ndekha ndikanaweruza chuck yonse pa muyezo woyamba uja.

Anandichenjezanso china chimene sindinkachidziwa. Collet ya timipeni imafuna kuti chogwidwacho chilowe mokwanira. Ukagwira ndi nsonga yokha timipeni timapendekeka, kugwira kumachepa ndipo collet imawonongeka. Ngati chitsulo ndi chachifupi, uikeko kachidutswa ka saizi yomweyo kumbuyo. Mabushi athu a 55 analowa bwino osafuna zimenezo.

Kasemedwe kanali kosavuta. Kunja ndinali nditasemeratu ku Salima tizidutswa tisanakhale ndi khoma lopyapyala. Mu collet tinangokuza bowo, kusalaza kumapeto, kutembenuza, kusalazanso. Tinamanga mosafinya kwambiri ndi kudya pang'onopang'ono pomaliza. Mabushi 11 tinamaliza dzuwa lisanalowe, ndipo palibe imene inasiyana kupitirira 0.02 titaimasula. Ya nambala 12 inali ija ndinaiwononga ku Salima, ndinagula kachidutswa kena ndi ndalama yanga n'kubwereranso sabata yotsatira. Mapampu anabwerera kudimba kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo tcheyamani wa kalabuyo atabwera kudzamaliza malipiro anati pa shafuti pakungodontha timadontho tochepa timene packing imafuna kuti isapse.

Chuck inatsala ku Nkhotakota, chifukwa kwathu ilibe pokhala. Tinagwirizana kuti ndikakhala ndi ntchito ya collet ndizipita kukagwirira pa makina awo. Pochoka, achikulirewo anatulutsa faceplate, mbale yomangirapo ntchito pa spindle, imene inakhala pansi pa kabati zaka zambiri chifukwa sinkalowa pa makina awo. Inali ndi zikhomo zitatu. Nditafika nayo ku Salima mnyamata anatenga yekha buluu ndi micrometer ndisanamuuze. Inali D1-4. Chikhomo chimodzi chokha chinafunika kuchipotoza kamodzi kuti kamzere ka cam, chokhomera chikhomocho mu spindle, kaime pakati pa zizindikiro ziwiri za V.

Mtengo umene ndinapatsa mayi aja unali wa bokosi la zinthu zosadziwika, ndiye kumapeto kwa mweziwo ndinapita kwawo kukawonjezera. Anandilandira pa khonde, kenako anati ndilowe ndimwe madzi. Pa khoma la pabalaza, pamwamba pa wailesi, panali chithunzi cha malemu atavala ovololo, dzanja lili pa lathe ya mutu wozungulira, chinati chachikulu chikuoneka bwinobwino kuseri kwa chuck.

Ndinafunsa ngati amenewo ndiwo makina amene ankagwiritsa ntchito.

"Omwewo, bambo, mpaka kupuma ntchito. Tsiku lija mukanafunsa ndikanabwera nacho chithunzichi."